Musanatitche “sukulu zolephera”, bwerani mudzaone kumene ana a selofu amagona

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa chizolowezi chimene chakhazikika nthawi iliyonse zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka. Akuluakulu a unduna wa zamaphunziro ndi a bungwe la mayeso la MANEB amaitana atolankhani, n'kulengeza chiwerengero cha okhoza, kenako n'kuwerenga sukulu khumi zimene zachita bwino ndi khumi zimene zakhala kumchira. Kukacha, mawailesi amatsegula mafoni, ndipo anthu amene sadapondepo phazi pa sekondale yoyendera amayamba kugamula milandu: ana a masiku ano ndi aulesi, aphunzitsi akumudzi amangokhalira mowa, makolo a ku Chigwa cha Shire sadziwa ubwino wa sukulu. Mawu amenewa amandipweteka, chifukwa ana amene akunenedwawo ndimawadziwa mayina, ndimadziwanso chimene adadya dzulo.

Ine sindine mphunzitsi. Ndine mayi wamasiye, ndimakhala pa Bangula, kwa Mfumu Yaikulu Mbenje m'boma la Nsanje. Kuseri kwa nyumba yanga kuli mdadada wa zipinda zimene malemu bambo a kunyumba adamanga, ndipo amene amachita lendi m'zipindazo ndi ana a sekondale, aja timawatcha a selofu: kwawo n'kutali, pasukulu palibe kogona, ndiye amadzipezera okha chipinda, kudziphikira okha, kudzilera okha. Zimene ndikufuna kunena n'zakuti mapointi a mwana wa pa sekondale yoyendera amapangidwa m'zipinda ngati zangazi kuposa mmene amapangidwira m'kalasi, ndipo amene akufuna kukweza zotsatira za kuno ayambire kumeneko.

Choyamba tikumbutsane mmene mwana amafikira pa sekondale yoyendera, imene timaitcha CDSS. Mayeso a Sitandade 8 akalembedwa, amene akhoza koposa amatengedwa kupita ku masekondale a dziko lonse monga Blantyre Secondary School, Dedza Government, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, kapena ku sukulu za mishoni zimene boma limathandiza. Otsatira amapita ku sekondale zogonera za m'boma lawo. Otsala ndiwo amabwera koyendera, ndipo amenewonso ndi amwayi, chifukwa ana ambiri okhoza sapeza malo n'komwe. Boma lenilenilo ndilo limasankha ana motere, n'kupereka bedi, chakudya katatu patsiku, magetsi, labu ndi aphunzitsi a madigiri kwa amene adali kale patsogolo. Pakatha zaka zinayi limaika onse pa mndandanda umodzi ngati kuti adanyamukira pamodzi. Sindikuchitira nsanje ana a sukulu zimenezo, ndi ana athu omwe. Ndikukana kuti mndandandawo uzitchedwa umboni wa ulesi.

Achikulire anzanga akukumbukira kuti masekondale oyenderawa adali malo a maphunziro a patali a MCDE, kumene ana ankawerenga timabuku totchedwa ma seti moyang'aniridwa ndi mphunzitsi wa ku pulaimale. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulaimale, ana adakhamukira m'makalasi, ndipo mu 1998 malo a MCDE aja adasandutsidwa ma CDSS kuti alandire khamulo. Chidasintha msanga ndi chikwangwani. Zina zonse zakhala zikubwera pang'onopang'ono, zina sizidafikebe.

Tsopano ndikuuzeni za chipinda cha selofu. Ndi chipinda chimodzi cha malata opanda siling'i, ndipo muli ana awiri, atatu, nthawi zina anayi, kuti azigawana lendi. Pansi pali mphasa, pakona pali thumba la ufa, kambaula, sefuliya imodzi ndi chigubu cha madzi. Makope amapachikidwa m'jumbo pa msomali kuopa chiswe. Temu ikamayamba, kholo limabwera panjinga kuchokera cha ku Phokera, ku Sorgin, kumapiri, ena mpaka kutsidya kwa Shire atawoloka pabwato pa Mtayamoyo, litanyamula ufa wa mapira kapena wa chimanga, khobwe pang'ono, mchere, mwina timakakana touma. Limandipatsa moni, limati “amayi, mwanayu ndi wanu,” n'kubwerera. Ufa umenewo sufika kumapeto a mwezi. Ukatha, mwana amanyamuka Lachisanu masana kupita kwawo kukatenga wina. Akapeza kunyumba kulibe, amayamba wagwira ganyu m'dimba la munthu kuti apeze kandalama, ndipo amabwerera kuno Lolemba madzulo kapena Lachiwiri. M'kaundula wa mphunzitsi mwalembedwa kuti wajomba. Mphunzitsi sadaname, koma sikuti mwanayo adali kusewera.

Pali chinthu chimene sindimva aliyense akuchitchula. Ana ambiri a kuno akulira phala la kusukulu. Mabungwe monga Mary's Meals, amene adayamba ntchito m'dziko muno mu 2002, ndi WFP aphunzitsa dziko lonse kuti kapu ya phala imasunga mwana m'kalasi. Koma mwana yemweyo akafika Fomu 1, phala limathera pomwepo. Ndi pa msinkhu umenewu pamene thupi likukula, mtunda watalika, maphunziro alimba, ndipo mayi ake sali pafupi kuti amugawireko mkute. Ambiri mwa ana anga amapita kusukulu osalawa kanthu, amadya kamodzi akaweruka. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene m'midzi anthu ayamba kulowa m'madambo kukazula nyika pakati pa ng'ona, kamodziko nakonso kamasowa. Ndawonapo mnyamata wa Fomu 4 akutseka kope la masamu n'kugona dzuwa lili pamutu, osati chifukwa cha tulo, koma kuti asamve njala.

Nanga kuwerenga amawerenga nthawi yanji? Mtsikana akaweruka ayenera kukaima pa mjigo, kufuna nkhuni kapena makala, kuphika, kuchapa yunifomu imodzi yomweyo kuti iume pofika mawa. Mnzake wa ku sukulu yogonera nthawi imeneyo wadya kale, belu lalira, ali pa desiki pansi pa getsi. Wathuyu akamatsegula buku kwada. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumadutsa madigiri 40, chipinda cha malata sichilowedwa mpaka usiku, ndipo ukakhala panja udzudzu ukukudikira. Malungo amadya masiku enanso. Zipinda zambiri za selofu zilibe magetsi, ndipo ngakhale ife amene tidakokako waya tidakhala mumdima nthawi yaitali namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022. Ana amawerengera tochi ya foni, foniyo n'kukaitchajitsa ndi ndalama imene akadagulira tomato.

Za atsikana ndiye ndilankhula mosabisa. Mtsikana wa zaka 14 kapena 15 akukhala yekha pa tawuni, wopanda kholo, ufa watha, sopo watha, lendi yatsala, ndipo aliyense pamsika akudziwa zimenezi. Amadziwa wa kabaza amene amamunyamula ulele “poti ndi mlongo wake.” Amadziwa wa okala amene amamukongoza shuga osalemba m'buku. Amadziwa ogula thonje ndi mbuzi amene amabwera ndi ndalama m'thumba, n'kugona pano masiku ochepa. Amuna amenewa si ana, ambiri ali ndi mabanja, ena amakhala kutsogolo m'tchalitchi. Mtsikana akatenga mimba, tawuni yonse imati adali wachimasomaso, koma dzina la bambo uja silitchulidwa. Ine ndimatseka geti usiku, ndimathamangitsa amuna amene amazungulira pampanda, ndipo ndatukwanidwapo chifukwa cha zimenezo. Koma sindine metironi, sindingatsate mwana aliyense kumjigo ndi kumsika, komanso si eni nyumba onse amene amasamala. Alipo ena amene amaika ana a sukulu m'zipinda zoyang'anizana ndi bala, bola lendi ilowe.

Malamulo alipo, ndipo ndi abwino. Kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti agwirizane nazo. Amayi a magulu a m'sukulu amayenda khomo ndi khomo kukabweza ana. Koma mtsikana wobwererayo tikumubwezera kuti? M'chipinda chomwe chija, njala yomwe ija, tsopano ali ndi khanda limene walisiya kwa agogo ake, ndipo maganizo ali konko. Ndalandirapo atsikana otere. Ena adalimba mtima mpaka kulemba mayeso, ndipo ndimawalemekeza kuposa mmene angadziwire. Ambiri sadamalize temu.

Anyamata nawo sali pabwino, ngakhale mabungwe sawatchula kawirikawiri. Mnyamata wa selofu amakokedwa ndi vidiyo, bawo la ndalama, kubetcha mpira pafoni ndi kachasu. Wina amapita kukathandiza asodzi ku Elephant Marsh kwa sabata imodzi, sabatayo n'kusanduka chaka. Wina amawolokera ku Mozambique kukagwira ganyu. Amene ali ndi mbale ku Joni amangowerenga masiku. Akayang'ana akulu ake amene adakhoza Fomu 4 akupalasa kabaza pa siteji yomweyi, mumuuza chiyani kuti apirire njala zaka zinayi?

Pamwamba pa zonsezi pali madzi. Mu Januwale 2015 adatisesa. Mu Malichi 2019 kudabwera namondwe wa Idai, mu 2022 Ana ndi Gombe motsatizana, mu Malichi 2023 Freddy, amene adachititsa boma kutseka sukulu m'maboma a kummwera. Anthu a ku Makhanga ndi midzi ya m'mphepete mwa Shire ndi Ruo akathawa madzi, malo olimba amene amapezeka pafupi ndi makalasi ndi matchalitchi. Palibe munthu wamtima amene angatsekere kunja mayi wonyamula khanda mvula ikugwa. Koma sukulu ikasanduka msasa, maphunziro amaima, zimbudzi zimadzadza, madesiki amathyoka, mabuku amanyowa. Onani nyengo yake: madzi amabwera m'temu yachiwiri, imene ndi temu yomaliza yathunthu kwa mwana wa Sitandade 8, wa Fomu 2 ndi wa Fomu 4. Ndipo mwana wa selofu amene munda wa makolo ake wakwiririka ndi mchenga alibenso komwe angakatenge ufa Lachisanu. Chaka cha Freddy ndidasiya kufunsa lendi kwa ena mwa iwo, chifukwa ukadafunsa ndani? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma chifundo cha mayi mmodzi wa lendi si ndondomeko ya maphunziro a dziko.

Chaka cha 2020 chidaonetsa poyera zimene ndikunenazi. Sukulu zidatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, n'kutsegulidwa mu Sepitembala. Tidauzidwa kuti ana aziphunzira pa intaneti ndi pawailesi, kumidzi kumene foni ya m'banja ndi imodzi ndipo ili m'thumba la bambo. Mayeso a Fomu 4 a MSCE atayamba, mapepala adapezeka atabedwa, mayeso adathetsedwa mu Novembala, n'kulembedwanso mu Januwale 2021. Amene adaba ndi kugulitsana mapepalawo pa WhatsApp sadali ana a m'zipinda zanga, koma ana anga ndiwo adayenera kupeza lendi ndi ufa wa miyezi ina iwiri, m'nyengo ya njala. Okhoza chaka chimenecho adali 41 pa 100 aliwonse. Mu 2023 ndi 2024 adali cha m'ma 54. Ngati dziko lonse, kuphatikiza sukulu za bedi ndi labu, likungodutsa theka pang'ono, mukuyembekeza chiyani kwa mwana wa pamphasa?

Za m'kalasi aphunzitsi angafotokoze bwino kuposa ine, koma zina ndimazimva pakhonde ana akamakambirana. Mayeso a Biology, Physics ndi Chemistry ali ndi pepala la pulakitiko, ndipo pepalalo ndi limodzi dziko lonse. Kumasekondale ambiri oyendera kulibe labu. Mphunzitsi amajambula chida pa bolodi, ana n'kukopera, ndipo ena amachigwira koyamba m'manja mayeso atayandikira. Buku limodzi limazungulira gulu lonse. Kuti upite ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti asanu ndi imodzi kuphatikiza Chingerezi, ndipo kuti ukachite za udokotala ku KUHeS kapena za sayansi ku MUST uyenera kukhoza maphunziro omwe aja opanda labu. Ndiye khomo limenelo limatsekedwa mwana asanalembe n'komwe. Chingerezinso n'chimene chimagwetsa ambiri, chifukwa ukachilephera satifiketi palibe ngakhale ukhoze zina zonse. Mwana wa kuno kunyumba amayankhula Chisena kapena Chimang'anja, makalasi oyamba amaphunzira m'Chichewa, kuyambira Sitandade 5 zonse m'Chingerezi, m'kalasi la ana oposa 100 m'mene mphunzitsi sangamve aliyense akuwerenga. Amafika Fomu 1 akudziwa kukopera bwino kwambiri, koma funso akalitembenuza pang'ono wasokera.

Aphunzitsi sindiwaikira kumbuyo onse. Alipo amene amasiya mitu ina dala kuti akaiphunzitse pa patitayimu ya ndalama, ndipo mwana wa selofu ndiye amene sangalipire. Alipo amene amafunsira ana awo omwe, ndipo chilango chawo chisamakhale kungosamutsidwira kusukulu ina. Koma ambiri amene ndimawaona ndi anthu otopa. Sukulu ilibe nyumba zokwanira, ena amachita lendi ngati ana omwewa, amaphunzitsa m'mawa, masana n'kuphunzitsanso a openi, maphunziro ena oti sadawaphunzire ku koleji. Amene watumizidwa kuno kuchokera kumtunda amayamba kulemba kalata yopempha kusamuka chilimwe choyamba chisanathe. Amene atsala, n'kutulutsa mwana mmodzi kapena awiri opita ku yunivesite kuchokera m'mavuto amenewa, agwira ntchito yoposa imene mndandanda uja ungaonetse.

Makolofe tili ndi mbali yathu. Alipo amene amagulitsa mbuzi kuti apite kuzoma kapena kuchikwati koma mwana akatumiza uthenga wa ufa amati adikire. Alipo amene amalandira ndalama kwa mwamuna amene wawonongera mwana wawo tsogolo, nkhani n'kuthera pakhonde. Mafumu asamalekerere zimenezi. Koma makolo ambiri amene amafika pakhomo panga sali otero. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023, ndidaona abambo akuluakulu akuchita manyazi kundiyang'ana kumaso, atanyamula nkhuku m'malo mwa lendi. Munthu wosadziwa ubwino wa sukulu sapalasa njinga mtunda wonse uja ndi nkhuku yake yomaliza.

Nkhani ya sekondale yaulere ndimaiwombera m'manja, monga ndidachitira mu 2018 pamene boma lidachotsa gawo lina la fizi. Ndalama iliyonse imene yachotsedwa pamutu pa kholo ndi mpumulo. Koma atsogoleri adziwe kuti kwa mwana wa kutali, fizi sidali mtolo waukulu. Mtolo waukulu ndi lendi, ufa, makala, sopo ndi ulendo wa Lachisanu uja. Mukachotsa fizi n'kusiya izi, kaundula wa Fomu 1 adzadzadza, koma wa Fomu 4 adzakhala momwe alili.

Chimene ndikupempha ndi mahositelo pa masekondale oyendera amene amatenga ana a kutali, a atsikana poyamba koma anyamata asaiwalidwe, okhala ndi mpanda, metironi, sola ndi khitchini imodzi yophikira onse. Makolo amene amabweretsa ufa kwa ine angathe kuubweretsa kusukulu, ndipo ufa wa ana makumi asanu ukaphikidwa mumphika umodzi umakhalitsa kuposa wophikidwa pa timbaula makumi awiri. Wina anena kuti mayiyu akudzidulira yekha lendi. N'zoona, zipinda zanga zidzasowa ana a sukulu, ndipo ndi zimene zimandidyetsa. Ndidzaikamo anthu ena. Ndatopa kuona mtsikana amene adabwera ndi yunifomu yatsopano akutuluka pageti usiku, katundu pamutu, kuti anzake asamuone mimba.

Podikira mahositelowo, pali zimene sizifuna ndalama za Capital Hill. Komiti ya sukulu, mafumu ndi amayi a magulu alembe nyumba zonse zimene muli ana a selofu, aziyendera, ndipo nyumba yoyandikana ndi bala kapena resitihausi ikanidwe. Kalasi imodzi ya sola itsegulidwe madzulo kuti ana aziwerengeramo moyang'aniridwa. Aphungu ndi makhansala athu, pamene mukugawa ndalama za chitukuko cha m'dera za CDF ndi za khonsolo, hositelo ndi malo othawirako madzi osakhala makalasi zikhale pamwamba, ndipo mutiuze poyera zimene mwasankha. Mabungwe a phala aganizireko za Fomu 1 mpaka 4, ngakhale m'temu yachiwiri yokha.

Kwa a unduna ndi a MANEB, sindikuti mubise zotsatira. Zilengezeni, tikufuna kuzidziwa. Koma pambali pa dzina la sukulu iliyonse ya kumchira mulembenso ngati ili ndi labu, aphunzitsi oyenerera alipo angati, ana ake adalowa Fomu 1 ndi magiredi otani, angati amagona ku selofu, ndi masabata angati amene makalasi ake adali msasa. Inunso Akonzi, chaka chino musangojambula mwana wa mapointi 6 atanyamulidwa ndi anzake mumzinda. Tumizani mtolankhani atsike Thabwa, adutse Nchalo ndi Ngabu, afike pa Bangula mu Febuluwale cha m'ma 7 koloko madzulo. Ndidzamuperekeza ndekha chipinda ndi chipinda, ndipo mafunso akafunse anawo.

Ndine wanu,
Mayi wa lendi,
Bangula, Nsanje